Pulogalamu ya imelo ikamadzitseka mukangoitsegula, musathamangire kuichotsa

Mwadina kachizindikiro ka Outlook, kabokosi ka buluu katulukira pakati pa sikirini n'kulemba kuti Loading Profile, kenaka zii, palibe chatseguka. Kapena ndi Thunderbird: zenera lake laoneka kamphindi, loyera mbee, ndipo makalata asanatulukire n'komwe lazimiririka, m'malo mwake pabwera kabokosi kopepesa kuti pulogalamuyi yakumana ndi vuto. Mwayesa kachiwiri, mwayesa kachitatu, zomwezo. Apa mtima umayamba kuthamanga, makamaka mukakumbukira kuti pali kalata yomwe abwana kapena kasitomala akudikira yankho lake lero lomwe.

Musanakhudze chilichonse, gwirani mfundo iyi: makalata anu sakhala m'kati mwa pulogalamu. Pulogalamu ndi chowerengera chabe. Makalata, maadiresi a anthu, kalendala ndi makonzedwe a akaunti yanu zimakhala m'mafayilo akeake, mu foda ina pa kompyuta. Pulogalamu ikagwa, mafayilo aja amakhala ali pompo, ndipo nthawi zambiri amakhala ali bwinobwino. Chomwe chimatayitsa anthu makalata si kugwako ayi, koma zomwe munthu amachita mwaphuma pofuna kuidzutsa.

Ndinaziona ndi maso anga. Mayi ena owerengera ndalama pa ofesi ina anandiitana pulogalamu yawo itakana kutseguka. Ndisanafike, mnzawo wofuna kuthandiza anali ataichotsa n'kuiikanso. Itapitiriza kugwa, anafufuza foda yomwe imasungamo zinthu zake, n'kuifufuta yonse, n'kukhuthulanso Recycle Bin. Pulogalamu inatseguka ndithu, koma ili mbee. Akaunti yawo inali ya mtundu womwe umatsitsira makalata pa kompyuta n'kuwachotsa pa seva, kompyuta ya eni imelo yomwe imalandira makalata pa intaneti, choncho kunalibe kwina kokawatenga. Ndinawapeza ali chete, dzanja lili pa mausi, akuyendetsa uku ndi uku pa Inbox yopanda kanthu ngati kuti makalata abisala pakona. Tinapulumutsako ena, koma ambiri anapita. Ndipo chomwe chinkaigwetsa pulogalamuyo chinali kanthu kakang'ono koti kakanatha ndi kudina pawiri kapena patatu.

Ndiye tiyende motere: titeteze makalata kaye, kenaka tizisintha chinthu chimodzi, n'kuyesa, tisanakhudze china. Mukasintha zinthu zisanu mophatikiza vuto n'kutha, simudziwa chomwe chathandiza, ndipo mawa vuto likabwereranso mudzayambira pomwepo.

Lowerani kaye khomo lina

Tsegulani browser n'kulowa mu imelo yanu pa intaneti, kaya ndi Gmail, Outlook.com, kapena tsamba lomwe a kuntchito kwanu anakupatsani. Foni nayonso itha kuthandiza. Yankhani kalata yofulumira ija kuti mtima ukhale pansi.

Muli komweko, yang'anitsitsani. Kodi makalata anu onse alipo, ngakhale a zaka zapitazo, pamodzi ndi mafoda omwe munapanga nokha ndi makalata omwe munatumiza? Ngati alipo, akaunti yanu ndi ya IMAP kapena Exchange. Makalata enieni ali pa seva, ndipo zomwe zili pa kompyuta yanu ndi kope chabe. Koma ngati mukuona a masiku ochepa okha, kapena omwe munatumiza mulibe, ndiye kuti mwina ndi POP, ndipo kope lokhalo lili pa kompyuta yomwe ili patsogolo panuyo. Munthu wa POP ayende mosamala kwambiri pa zonse zikubwerazi. Wa IMAP nayenso asadzikhulupirire mopitirira: makalata omwe munawasamutsira mu Local Folders ya Thunderbird kapena mu fayilo ya archive ya Outlook sali pa seva iliyonse.

Koperani mafayilo anu musanayambe kukonza

Yambani ndi kuonetsetsa kuti pulogalamu yatsekekadi. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Fufuzani Outlook kapena Thunderbird pa mndandanda, ndipo mukaipeza isankheni n'kudina End task. Zimachitika kuti zenera lazimiririka koma pulogalamu ikugwirabe ntchito mobisika, itakakamira mafayilo ake, ndiye yatsopano yomwe mukuitsegula imakanika kulowa. Nthawi zina vuto lonse limathera pompa. Thunderbird ikamanena kuti ikuyenda kale koma siikuyankha, chimakhala chimenechi.

Tsopano kukopera. Ngati ndi Thunderbird pa Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, m'kabokosi komwe katulukeko lembani %APPDATA%\Thunderbird n'kudina Enter. Foda yonseyo ikopereni pa flash kapena pa hard disk yakunja, osasankha zina n'kusiya zina. Pa Mac ili mu Library ya dzina lanu, pa Linux ndi foda yobisika yotchedwa .thunderbird.

Outlook ili ndi mafayilo a mitundu iwiri. Omwe dzina lawo limatha ndi .pst ndiwo amasunga makalata a POP ndi a archive, ndipo kawirikawiri amapezeka mu Documents, mu foda ya Outlook Files. Omwe amatha ndi .ost ndi makope a zomwe zili pa seva, ndipo mumawapeza polemba %localappdata%\Microsoft\Outlook m'kabokosi komwe kaja. Koperani onse awiri. Anthu ambiri amanena kuti fayilo ya .ost ndi yotaya chifukwa Outlook imapanga ina. Zoona, koma pali msampha. Kuyambira pa Outlook 2013, akaunti ya IMAP imasunga maadiresi a anthu ndi kalendala m'mafoda olembedwa kuti This computer only, ndipo amenewa amakhala m'fayilo ya .ost yomweyo, osati pa seva. Mukaifufuta, makalata abwerera, koma manambala ndi maadiresi omwe mwakhala mukusonkhanitsa sabwerera.

Muziyang'ana pomwe kukoperako kukuchitika. Kukaima pakati, kompyuta n'kulemba kuti yalephera kuwerenga fayilo, kapena n'kutchula mawu akuti cyclic redundancy check, dziwani kuti vuto si la imelo, ndi hard disk yomwe yayamba kufa. Pamenepo siyani zonse, pulumutsani kaye mafayilo ofunika onse a pa kompyutayo, ndipo za imelo zibwere pambuyo.

Zing'onozing'ono zomwe sizidya nthawi

Yambitsaninso kompyuta posankha Restart, osati Shut down. Pa Windows 10 ndi 11, Shut down imasunga zina mwa zomwe zinali m'kati kuti kompyuta idzayake msanga, pomwe Restart imayambiradi pachiyambi. Onaninso malo otsala pa drive C. Kamzere kake kakafiira, pulogalamu ya imelo imasowa polemba, ndipo imagwa.

Kenaka dzifunseni kuti chasintha n'chiyani kuchokera tsiku lomwe inatseguka komaliza. Kodi usiku kwalowa update? Mwaika antivirus yatsopano, kapena pulogalamu ya misonkhano ya pa intaneti? Magetsi anathima kompyuta ili pa ntchito? Yankho la funso limeneli limakulozerani kokayambira. Funsaninso anzanu ogwiritsa ntchito pulogalamu yomweyo. Mu Julayi 2020, anthu ambiri m'mayiko osiyanasiyana anapeza Outlook ikudzitseka akangoitsegula, ikusiya nambala ya vuto ya 0xc0000005. Makompyuta awo analibe chilema. Microsoft inavomereza vutolo n'kulikonza kuchokera kwawo komweko. Ofesi yonse ikagwa m'mawa umodzi, si nthawi yofufuta zinthu pa kompyuta yanu, ndi nthawi yogwirira ntchito pa browser n'kudikira.

Itsegulani ili yokha, yopanda zoiphatikiza

Ili ndiye sitepe lomwe limathetsa milandu yambiri, ndipo ndi lomwe mnzawo wa mayi aja analidumpha.

Mapulogalamu a imelo amalola timapulogalamu tina tating'ono kudziphatika kwa iwo. Mu Outlook timatchedwa ma add-in, mu Thunderbird ma add-on. Tina mumatiika nokha, koma tambiri timalowa mwakachetechete pomwe mukuika zinthu zina: antivirus imaikamo kake koyang'anira makalata, pulogalamu ya PDF imaikamo kake, ya misonkhano imaikamo batani lake, yolumikiza foni ndi kompyuta nayonso chimodzimodzi. Tonseti timadzuka limodzi ndi pulogalamu ya imelo. Kamodzi kakapunthwa, kamakoka pulogalamu yonse n'kugwa nayo. Izi zimachuluka pulogalamu yaikulu ikalandira update, kakang'ono kaja n'kutsalira m'mbuyo.

Pa Outlook, gwirani batani la Ctrl osalisiya, dinani kachizindikiro kake, ndipo ikakufunsani ngati mukufuna safe mode, yomwe imaitsegula popanda ma add-in, vomerani. Njira ina ndi kudina Windows ndi R n'kulemba outlook.exe /safe, mosaiwala kampata pakati pa mawuwo ndi kamzere kopendekeka. Pa Thunderbird gwirani Shift poitsegula, kapena Option ngati muli pa Mac. Mu Thunderbird njira imeneyi kale inkatchedwa Safe Mode, koma kuyambira pa version 91 imatchedwa Troubleshoot Mode. Ntchito yake ndi yomweyo.

Ikatseguka motere, pumani. Makalata anu ali moyo, fayilo yake ikuwerengeka, ndipo wolakwa ali pakati pa zinthu zomwe zazimitsidwazo. Mu Outlook pitani ku File, Options, Add-ins. Pansi penipeni pali mawu akuti Manage, onetsetsani kuti pasankhidwa COM Add-ins, dinani Go. Musanachotse kalikonse, jambulani mndandandawo ndi foni yanu kuti mudzakumbukire momwe unalili. Chotsani timachong'a tonse, tsekani Outlook, itseguleni mwa nthawi zonse. Ikatseguka, bwezerani kachong'a kamodzi, tsekani, tsegulaninso. Pitirizani mpaka igwe. Komwe mwabwezera komalizako ndiko kolakwa. Ma add-in akachuluka, bwezerani theka kaye: ikagwa, wolakwa ali m'theka limenelo, ikapanda kugwa ali mu linalo, ndipo mugawanso pakati. Ma add-in 16 amatha ndi maulendo 4 okha.

Mu Thunderbird zimachitikira pa Add-ons and Themes, ndipo theme, yomwe imasintha maonekedwe a pulogalamu, nayo muiyikemo m'gulu la okayikiridwa. Mu 2020, version 78 inasiyiratu kulandira ma add-on a mtundu wakale, choncho amene wakhala ndi Thunderbird kwa zaka zambiri atha kukhala ndi zotsalira zomwe sizikugwiranso ntchito. Zichotseni.

Mukapeza kolakwa, musangokazimitsa n'kuiwala. Onani ngati eni ake atulutsa katsopano. Ngati ndi ka antivirus, kukazimitsa sikuzimitsa antivirus yonse, imapitiriza kuyang'ana mafayilo omwe mukutsegula.

Yatseguka mu safe mode, koma ma add-in alibe mlandu

Zimachitika. Mwazimitsa onse, koma ikugwabe mukaitsegula mwa nthawi zonse. Apa pali okayikiridwa atatu.

Woyamba ndi kalata imodzi yowonongeka. Pulogalamu ikamatseguka imayesa kuonetsa kalata yomwe ili pamwamba kapena yomwe munaisiya yosankhidwa. Kalatayo ikakhala yopangidwa molakwika, pulogalamu imagwa, ndipo mukaitsegulanso imabwerera pa kalata yomweyo n'kugwanso. Safe mode ya Outlook imazimitsa mbali yoonetsera kalata, n'chifukwa chake imapulumuka. Lowani pa browser, pezani makalata omwe anafika nthawi yomwe vuto linayamba, makamaka achilendo kapena okhala ndi zomata zikuluzikulu, ndipo asamutsireni ku foda ina. Mu Thunderbird batani la F8 limabisa mbali yoonetsera kalata, kuti muthe kusankha kalatayo n'kuichotsa osaitsegula. Ogwiritsa Mail ya pa Mac agwire Shift poitsegula, imatseguka popanda kalata yosankhidwa.

Wachiwiri ndi kafayilo kosunga maonekedwe a zenera: kukula kwake, mafoda omwe munawaika pamwamba, ma tab omwe anali otseguka. Outlook ikamalemba kuti Cannot open the Outlook window, yesani kulemba outlook.exe /resetnavpane m'kabokosi ka Windows ndi R. Izi zimabwezera mbali ya kumanzere, ya mndandanda wa mafoda, momwe inalili poyamba. Makalata sizimawakhudza, mumangotaya mafoda omwe munawaika pa Favorites. Mu Thunderbird, mafayilo ake ndi session.json ndi xulstore.json, ndipo ali mu profile yanu, foda yosunga makonzedwe anu yomwe ili m'kati mwa foda ya Thunderbird pa kompyuta ija. Tsekani pulogalamu, asintheni maina powonjezera .old kumapeto, ipanga atsopano yokha.

Wachitatu ndi zojambula pa sikirini. Mapulogalamu amakono amapatsira graphics card, chipangizo cha m'kati mwa kompyuta chotulutsa zithunzi pa sikirini, ntchito yojambula zenera, ndipo driver yake, kapulogalamu koiyendetsa, ikakhala yakale kapena yosagwirizana nayo, pulogalamu imagwa pa kujambula koyamba komwe. Mu Thunderbird pitani ku Settings, General, tsikirani pansi, chotsani kachong'a pa Use hardware acceleration when available. Outlook zakale zinali ndi kabokosi kofanana nako pa Options, Advanced. Zatsopano zilibe, ndiye chotsala ndi kuika driver yatsopano ya graphics kuchokera kwa opanga kompyuta yanu.

Kanthu kena kachangu: dinani kumanja pa kachizindikiro ka pulogalamu, sankhani Properties, ndipo ngati pali tsamba la Compatibility onetsetsani kuti palibe anaichonga kuti iziyenda ngati ili pa Windows yakale.

Funsani Windows zomwe inaona

Pulogalamu ikagwa, Windows imalemba. Anthu ambiri sadziwa kuti buku limeneli lilipo, koma limachepetsa kulota. Dinani Start, lembani reliability, sankhani View reliability history. Muona tchati cha masiku, ndipo tsiku lililonse lomwe chinachake chinagwa pali kachizindikiro kofiira. Ubwino wake ndi woti pansi pa tsiku lomwelo pamaonekanso ma update ndi mapulogalamu omwe anaikidwa. Mukaona kuti zofiira zinayamba Lachiwiri, ndipo Lolemba panalowa chinthu chatsopano, mwapeza poyambira.

Dinani kawiri pa mzere wa kugwako, kapena tsegulani Event Viewer n'kupita ku Windows Logs, Application, n'kufufuza Application Error ya nambala 1000. Mzere wofunika ndi wakuti Faulting module name. Umatchula fayilo yeniyeni yomwe inapunthwa. Likakhala dzina la fayilo ya pulogalamu ina, monga antivirus kapena driver ya sikirini, mlandu watha, pitani mukakonze kumeneko. Likakhala ntdll.dll kapena dzina la pulogalamu ya imelo yomweyo, silikuuzani zambiri, komabe lilembeni pamodzi ndi nambala ya Exception code. Wodzakuthandizani adzayamba kufunsa zimenezi. Thunderbird ili ndi kabokosi kakekake kotumizira lipoti la kugwa. Litumizeni, chifukwa limapatsidwa nambala yoyamba ndi bp- yomwe odziwa atha kuwerengerapo chomwe chinachitika.

Ikakana ngakhale mu safe mode

Tsopano tiyang'ane mafayilo a makalata. Kope lija munakoperadi? Ngati ayi, bwererani. Kuthamanga si kufika.

Choyamba uzani Windows izionetsa mathero a maina a mafayilo. Mu File Explorer pitani ku View n'kuchonga File name extensions, pa Windows 11 zili pansi pa Show. Izi si zokongoletsa. Mu profile ya Thunderbird, m'mafoda a Mail ndi ImapMail, mupeza mafayilo awiri oyandikana: Inbox ndi Inbox.msf. Yoyambayo, yopanda mathero, yaikulu, ndiyo makalata anu onse a mu Inbox, olumikizidwa m'fayilo imodzi. Yachiwiriyo ndi kalozera chabe, mndandanda wa mitu ndi masiku. Mathero akabisika, maina awiriwa atha kuoneka ofanana, munthu n'kufufuta yolakwika. Mafayilo a .msf ndiwo amawonongeka kawirikawiri magetsi akathima mwadzidzidzi. Tsekani Thunderbird, asamutsireni ku foda ina pa Desktop, tsegulani. Iwerenganso makalata n'kupanga makalozera atsopano, ndipo poyamba ichedwerapo. Chimodzimodzi global-messages-db.sqlite, yomwe imathandiza pofufuza makalata: ikachoka imamangidwanso. Koma abook.sqlite ndi maadiresi anu, logins.json ndi key4.db ndi mapasiwedi anu, prefs.js ndi makonzedwe a maakaunti. Amenewa, pamodzi ndi fayilo iliyonse yopanda mathero, asiyeni momwe alili.

Mukapeza kuti fayilo ya Inbox kulibiretu, musanalire onani mu quarantine ya antivirus yanu, momwe imatsekeramo mafayilo owakayikira. Poti makalata onse ali m'fayilo imodzi, antivirus ikapeza kachilombo m'kalata imodzi itha kumanga Inbox yonse. Ibwezereni kuchokera komweko.

Kwa a Outlook, Microsoft imaika kachida kokonzera mafayilo a .pst kotchedwa scanpst.exe. Sikaoneka pa Start. Pa Office zatsopano kali mu Program Files, Microsoft Office, root, Office16, kapena mu Program Files inayo yomwe dzina lake limatha ndi x86. Tsekani Outlook, katseguleni, kalozereni fayilo yanu ya .pst, dinani Start. Kakapeza zolakwika, siyani kachong'a kopanga kope lakale kali pompo, kenaka dinani Repair. Fayilo ikakhala yaikulu, zenera limauma n'kulemba kuti Not Responding. Musakatseke. Kakugwira ntchito, ndipo kukadula pakati ndiko kuwonongeratu fayilo. Kakamaliza, kayendetseninso mpaka kanene kuti sikakupezanso kanthu. Ulendo umodzi nthawi zambiri sukwana.

Muli pompo onani kukula kwa fayilo. Outlook 2002 ndi zam'mbuyo mwake zinkalekezera pa 2 GB, ndipo fayilo ya nthawi imeneyo imakhalabe ndi malire omwewo ngakhale muitsegule mu Outlook ya lero. Outlook 2003 ndi 2007 zinafika pa 20 GB, ndipo kuyambira 2010 malire ndi 50 GB. Fayilo ikayandikira malire ake imayamba kuvuta. Onaninso komwe ikukhala. Fayilo ya .pst siifuna kukhala pa drive ya pa network kapena mu foda yomwe OneDrive kaya Dropbox ikuikoperera pa intaneti, chifukwa mapulogalamu awiri amalimbirana fayilo imodzi. Ndipo poti Windows imatha kusamutsira Documents yonse mu OneDrive, anthu ena ali m'vuto limeneli osadziwa.

Fayilo ya .ost simuvutika kuikonza. Tsekani Outlook, isintheni dzina powonjezera .old, tsegulani, itsitsa makalata onse kuchokera pa seva. Kusintha dzina, osati kufufuta, chifukwa cha mafoda a This computer only aja.

Profile yatsopano

Profile ndi thumba lomwe limanyamula maakaunti anu, makonzedwe, ndi njira yopita ku mafayilo a makalata. Pomwe mukuchotsa pulogalamu n'kuiikanso, thumba limeneli silichoka. Pulogalamu yatsopano imalitola n'kugwa nalo monga inkachitira yakale. N'chifukwa chake kuiikanso sikuthandiza kawirikawiri, pomwe kupanga profile yatsopano kumathandiza.

Musanayambe, onetsetsani kuti pasiwedi ya imelo mukuikumbukira, ndipo foni yolandirira nambala yotsimikizira ili pafupi. Pulogalamu yakhala ikukukumbukirirani kwa zaka, ndipo profile yatsopano ifunsa.

Pa Outlook tsegulani Control Panel, fufuzani Mail, dinani Show Profiles, kenaka Add. Ipatseni dzina lililonse, lowetsani akaunti yanu, ndipo sankhani Prompt for a profile to be used kuti izikufunsani yoti itsegule. Batani la Remove lili pafupi pomwepo, musalikhudze. Kuchotsa profile yakale kumachotsa ndi makope a makalata omwe anali pa kompyuta. Outlook ikatseguka ndi profile yatsopano, makalata akale mumawabweza popita ku File, Open & Export, Open Outlook Data File, n'kusankha fayilo ya .pst ija.

Pa Thunderbird dinani Windows ndi R, lembani thunderbird.exe -P, dinani Create Profile. Ikayenda bwino, itsekeni, ndipo mafayilo a makalata opanda mathero aja akopereni kuchokera mu profile yakale kupita mu Local Folders ya yatsopano. Mukaitsegula aoneka ngati mafoda. Maadiresi mumawabweza pokopera abook.sqlite. Musakopere prefs.js, pakuti mwina chilema chili mmenemo. Dziwaninso ichi: kuyambira pa version 68, Thunderbird yakale imakana kutsegula profile yomwe yagwiritsidwapo ntchito ndi yatsopano. Choncho mukaganiza zobwerera ku version yam'mbuyo n'kupeza zonse zili mbee, makalata sanapite, ali mu profile ija, pulogalamu yangoikana.

Pulogalamu yeniyeniyo

Profile yatsopano, yopanda kanthu, nayonso ikagwa, ndiye pano tingaloze chala pulogalamu. Pa Office pitani ku Settings, Apps, pezani Microsoft 365 kapena Office, sankhani Modify. Yambani ndi Quick Repair, yomwe siifuna intaneti. Ikalephera chitani Online Repair, yomwe imatsitsa Office yonse mwatsopano, choncho imafuna intaneti yodalirika ndi nthawi. Thunderbird itsitseni pa thunderbird.net basi, osati pa masamba ena, n'kuiika pamwamba pa yakaleyo. Ngati muli pa Office 2016 kapena 2019, dziwani kuti Microsoft inasiya kuzisamalira pa 14 Okutobala 2025, ndipo zolakwika zatsopano zomwe zingatuluke sizidzakonzedwa.

Zambiri zomwe ndafotokoza pa Outlook ndi za yakale ija, yomwe tsopano akuitcha classic. Outlook yatsopano ya pa Windows, yomwe inalowa m'malo mwa Mail ya Windows kumapeto kwa 2024, ilibe ma COM add-in ndipo siigwiritsa profile ya mu Control Panel. Imeneyi ikamagwa pitani ku Settings, Apps, ipezeni pa mndandanda, sankhani Advanced options, yesani Repair, ikakana Reset.

Zonsezi zikakanika, pangani akaunti ya munthu watsopano pa Windows, lowani ndi dzina limenelo, yesani pulogalamu kumeneko. Ikatseguka, chilema chili mu akaunti yanu ya Windows. Ikagwanso, tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba sfc /scannow kuti Windows idziyeze mafayilo ake. Ndipo ngati fayilo ya makalata mwaikonza lero, sabata yamawa n'kuwonongekanso, kayezetseni hard disk. Pofika apa kuitana katswiri n'koyenera, ndipo mumupatse kope lija, dzina la Faulting module, ndi mndandanda wa zomwe mwayesa kale.

Pulogalamu ikadzuka, musafulumire kufufuta profile yakale, mafayilo a .old, kapena kope la pa flash. Fufuzani kalata yakale kwambiri yomwe mukuikumbukira. Tsegulani foda ya makalata otumizidwa muone ngati ikufika m'mbuyo momwe iyenera. Yambani kulemba kalata kwa munthu amene simunamulembere kwa nthawi yaitali muone ngati adiresi yake ilipo, ndipo onani kalendala ya mwezi wamawa. Dzitumizireni kalata, ifike. Kenaka tsekani pulogalamu, yambitsaninso kompyuta, itseguleninso kawiri kapena katatu. Flash ija ilembeni tsiku la lero n'kuisunga kwa mwezi wathunthu musanaigwiritse ntchito ina.